NJINGA YAMOTO IKAKANA KULIRA

Mau awa anawanena ndi mmisiri wa makina pa msonkhano wa eni njinga zamoto m'boma la Mulanje. Tawalemba muno kuti amene sanathe kufikako apindule nawo.



Nkhani yanga lero ndi ya njinga yamoto, imene akulu-akulu amati mthuthuthu. Sindinena za kayendetsedwe kache, kapena za chisoti ndi laisensi, ngakhale izonso nzofunika. Ndinena za chinthu chimodzi chokha, ndicho chochita pamene mwadina batani la sitata, kapena mwaponda kiki, njinga nikana kulira.

Kale njinga yamoto inali ya bwana wa pa esiteti, wansembe ndi wapolisi. Lero taonani pa Chitakale, pa Chonde, pa Nkando, pa Limbuli: anyamata a kabaza andanda mpaka munthu kusowa podutsa. Mphunzitsi apita nayo ku sukulu, mlangizi ayendera nayo minda, ndipo mai wapakati akayamba kudwala usiku, njinga yomweyo ndiyo imthamangitsira ku chipatala cha Mulanje Mission kapena cha pa Boma. Usiku wotere si nthawi yoyamba kufunsa kumene fyuzi ikhala.

Palinso nkhani ya ndalama. Zitsulo za njinga zichokera kunja, ndipo mtengo wache ukwera nthawi zonse kwacha ikagwa, monga zinachitikira mu November 2023 pamene inatsitsidwa ndi magawo 44 pa 100. Koma ine pa nchito yanga ndaona anthu ambiri akugula batire latsopano pamene chobvuta chinali dzimbiri pa nati imodzi. Ndaona ena akugula sitata yathunthu pamene chinatha ndi timakala tiwiri ta m'kati mwache. Njinga ikamakana imanena chimene chikuibvuta, ndipo munthu wodekha angathe kupeza bvutolo ndi makutu, maso ndi sipanala ya 10 asanatulutse ndi tambala yomwe. Paja akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.

Njinga zathu zambiri nzakale. Zina zinalowa pa Muloza kuchokera ku Milange. Zina zinagwira nchito zaka zambiri m'maesiteti a tiyi ndi m'mabungwe zisanagulitsidwe kwa ife. Maina ache ngambiri: Lifo, Lifan, Boxer, Yamaha AG, Honda XL. Musaope maina. Zambiri za ku China injini zache anazitengera pa Honda CG125, imene inayamba kupangidwa mu 1975. A Honda anaipangira dala maiko onga lathu lino, ataona kuti anthu asenzetsa njinga katundu wolemera ndipo achedwa kusintha oilo. Ndiye chifukwa chache injini imeneyi siibvuta kuimvetsa. Zoyambazo zinalibe sitata konse. Zinali za kiki yokha, monga BSA ndi Matchless zimene achikulire muli pano mukumbukira. Zambiri za masiku ano ziri ndi zonse ziwiri, ndipo batire lache nla 12 volts.

Sitata yamagetsi inayamba pa galimoto ya Cadillac ku America mu 1912. Patapita zaka ziwiri, mu 1914, kampani yopanga njinga za Indian inaiyesa pa njinga yamoto, koma inaileka msanga. Mabatire a masiku amenewo sanapirire kugwedezeka kwa m'miseu yoipa. Ndanena izi kuti muone kuti kuyambira pachiyambi pomwe mbali yofooka ndi batire, ndipo miseu yathu ya kumidzi siisiyana kweni-kweni ndi ya ku America ya 1914.

NJIRA YA MOTO

Ife a ku Mulanje tidziwa za mipopi. Makolo athu anakumba ngalande pa nchito yodzithandiza m'zaka za m'ma 1970, naika mapaipi otenga madzi m'mitsinje ya m'phiri kufikitsa m'midzi. Mpopi ukauma, wanzeru sathamangira kugula mpopi wina. Ayamba wafunsa ngati m'thanki muli madzi, kenaka atsata paipi kufuna pamene yaphulika kapena yatsekeka ndi matope. Moto wa magetsi nawonso uli ndi njira yache, ndipo tiyenera kuitsata chimodzi-modzi.

Thanki ndiye batire. Pochoka m'batire moto ugawika pawiri. Njira yaing'ono, ya mawaya opyapyala, idzera pa fyuzi, pa kiyi, pa swichi yofiira ya pa chiongolero ndi pa batani, nikathera pa kachitsulo kochedwa solenoid, kamene kakhala pafupi ndi batire. Njira yaikulu, ya waya wonenepa pafupi-fupi ngati pensulo, ichoka pa batire, idzera pa solenoid yomweyo, nikafika pa sitata. Solenoid iri ngati mlonda wa pachipata. Mukadina batani, moto waung'ono umuuza kuti atsegule, ndipo moto waukulu udutsa. Sitata ikazungulira, magiya ache atembenuza injini. Potsiriza moto uyenera kubwerera ku batire, ndipo ubwerera kudzera m'chitsulo cha injini ndi waya wa earth, uja wochoka pa chizindikiro cha kuchotsa. Waya ameneyu ndiye aiwalika ndi anthu ambiri.

Pali chinthu china choyenera kudziwa. Nyali yaikulu ya kutsogolo idya ngati ma amps 3 okha, koma sitata ifuna kakhumi kuposa pamenepo, mwinanso kupitirira. Chifukwa chache nyali ingathe kuyaka, hutala nkulira, koma sitata nkukana. Kadzimbiri kamene nyali siikalabadira, sitata itsamwa nako.

Tsono ikani njinga pa sitandi yapakati, ichotseni m'giya, tsegulani kiyi, yatsani nyali yaikulu, ndipo dinani batani muli tcheru.

Ikangoti zii, nyali osayaka, hutala osalira, ndiye kuti moto sukutuluka m'thanki. Yang'anani fyuzi. Pa njinga zazing'onozi ikhala ya ma amps 10 kapena 15, ndipo nambala yache yalembedwa pomwepo. Ngati yapsya, ikani ina ya nambala yomweyo. Ndikupemphani, abale anga, lekani kukulunga fyuzi ndi kanyezi-nyezi ka m'paketi ya fodya kapena kuimanga ndi waya. Fyuzi ipsya kuti njinga isapsye. Ikapsya kachiwiri, pali waya wosupuka amene akukhudza chitsulo, ndipo kawiri-kawiri mumpeza pa khosi la chiongolero pamene mawaya apindika tsiku ndi tsiku, kapena pansi pa thanki ndi mpando.

Ikati zii koma nyali iri kuyaka bwino-bwino, osathobwa ndi pang'ono pomwe, bvuto liri pa njira yaing'ono ija. Musachite manyazi kuyamba ndi swichi yofiira, pakuti ana akonda kuseweretsa imeneyo. Njinga zina sizilola sitata ngati ziri m'giya, pokhapokha mutagwira kilatchi. Zina zikana ngati sitandi ya m'mbali iri pansi. Timaswichi ta m'malo amenewa tiri poyera, tilandira matope ndi madzi, ndipo tifa msanga. Yesani mutagwira kilatchi, yesaninso mutakweza sitandi. Batani lenilenilo nalonso lichita dzimbiri m'kati. Masulani timasikuluwu tiwiri ta pansi pache mosamala, chifukwa muli kasipiring'i kamene kakadumphira m'udzu simukapezanso, ndipo palani pokhudzana pache ndi sandipepa wosalala.

Ikati "kha" kamodzi, kapena "ke-ke-ke" mofulumira, kapena injini ikatembenuka mwaulesi ngati munthu wodwala malungo, nyali nithobwa mpaka kufuna kuzima, kondwerani pang'ono. Njira yaing'ono iri bwino, mlonda wamva. Chasowa ndi moto waukulu. Apa ndipo ndifuna tikhalitsepo, chifukwa njinga zambiri zimene zibwera kwa ine zidwala pomwepa.

BATIRE NDI MITU YACHE

Kuno kwathu mdani wamkulu wa mawaya ndi chinyezi. Malo a m'tsinde mwa phiri alandira mvula yopitirira mamilimita 1,500 pa chaka, ndiwo mainchesi 60, ndipo kwina ifika 2,000. Dzinja likatha kubwera chiperoni, kuyambira cha mu May kufikira August, pamene nkhungu ikhala masiku atatu kapena anai osachoka. Mvula imene ikondweretsa tiyi ndi nanazi ndiyo yomwe idya mawaya a njinga. Kuzizira nakonso kuchepetsa mphamvu ya batire, pamene oilo wa m'injini wakhuthala ndipo afuna mphamvu yambiri kumtembenuza. Musadabwe kuti njinga imene inali kulira bwino mu October ikana mu July.

Tsegulani pamene pakhala batire ndipo yang'anani mitu yache iwiri. Mukaona ufa woyera kapena wobiriwira, kapena mukagwedeza waya ndi chala nasuntha, mwina mwapeza kale bvuto lanu. Masulani waya wa kuchotsa poyamba, kenaka wa kuphatikiza. Dongosolo limeneli si mwambo chabe iai. Mukayamba ndi wa kuphatikiza, sipanala nikhudza chitsulo cha njinga, itulutsa moto woopsa ndipo ingathe kukuochani dzanja. Tsukani mituyo ndi madzi ofunda osungunuliramo soda wa m'therere uja, koma asalowe m'kati mwa batire. Palani mitu ndi nsonga za mawaya ndi sandipepa kufikira zinyezimira. Zikauma, mangani wa kuphatikiza poyamba, wa kuchotsa potsiriza, ndipo pakani Vaseline pamwamba.

Musalekere pomwepo. Tsatani waya wa earth kufikira pamene wamangidwa pa injini kapena pa fulemu, mummasule, mupale, mummangenso. Tsatani waya wonenepa kufikira pa sitata, vundukulani kampira kophimba nati, ndipo muchite chimodzi-modzi. Pansi pa kampira kameneko pakonda kusunga madzi. Nchito yonseyi siipitirira theka la ora, ndipo siidya ndalama.

Ngati zikanabe, yesani batire. Kamita koyezera magetsi kapezeka kwa okonza mawailesi ndi mafoni, ndipo eni njinga a m'mudzi umodzi mungathe kusonkherana nkugula kamodzi. Aphunzitsi, lembani manambala awa, mudzathandize nawo anzanu. Batire lodzadza, litapumula usiku wonse, lionetsa 12.6 volts kapena kupitirira pang'ono. Likaonetsa 12.2 latsala ndi theka. Likatsika pansi pa 12 latsala pang'ono kutheratu. Koma muyeso weni-weni ndi wa pamene muli kudina batani. Batire labwino silitsika pansi pa 9.5 kapena 10. Limene lionetsa 12.6, mutadina nkugwera pa 6 kapena 7 ngakhale mwalitchaja usiku wonse, lakalamba m'kati, ndipo palibe mankhwala. Pamenepo ndipo mugule lina, osati kale.

Opanda mita, bwerekani batire la mnzanu limene mudziwa kuti nlabwino. Njinga ikalira nalo, mwadziwa. Mungathenso kulumikiza ku batire la galimoto, koma galimotoyo ikhale yozimitsa.

Batire la timabowo totsekula lifuna madzi. Madzi akatsika pansi pa mzere wa m'munsi, onjezani madzi a batire ogula m'sitolo. Musathire asidi wina, ndipo musathire madzi a pa mjigo kapena a pa chitsime, chifukwa mchere wa m'madzimo uononga batire. Asidi aocha khungu ndi maso, ndipo mpweya wotuluka potchaja ugwira moto. Wosuta fodya akasutire kutali.

Za kutchaja ndinenepo mau awiri. Mabatire a njinga ngaang'ono, ambiri a 5 kufikira 7 Ah. Afuna moto wochepa kwa nthawi yaitali, ngati theka la amp kwa maora khumi. Kukawatchaja pa makina a mabatire a galimoto kuti adzadze mu ora limodzi ndiko kuwaphika. Chomwechonso kulumikiza batire ku sola popanda kabokosi koyang'anira moto: dzuwa likakwera sola itulutsa ma volts 18 kapena kupitirira, madzi a m'batire awira, ndipo litupa.

Dzifunseninso kuti, kodi batire latheranji? Batire ndi nkhokwe chabe. Chimene chidzadza nkhokweyo ndi injini pamene iri kuyenda. Lizani njinga ndi kiki, kwezani moto pang'ono, ndipo yezani pa mitu ya batire. Payenera kuoneka pakati pa 13.5 ndi 14.5. Pakakhala 12 yomweyo osakwera, njinga siikutchaja, ndipo batire latsopano lidzathanso m'masiku ochepa. Pakapitirira 15, ikutchaja mopyola ndipo idzaocha batire ndi mababu. Kawiri-kawiri wolakwa ndi rectifier, kabokosi kachitsulo ka mizere-mizere, kapena pulagi ya mawaya ache imene yachita dzimbiri. Ndipo inu anyamata a kabaza, wailesi ya masipika awiri, nyali zowala-wala zisanu ndi foni ya pa chaja, zonsezo zidya m'nkhokwe imodzi. Maulendo anu ngaafupi-afupi, kuliza ndi kuzimitsa kosaleka, ndipo injini siipeza nthawi yobweza chimene sitata yatapa. M'mawa lizani ndi kiki. Sitata muisungire pamene mwanyamula munthu.

SOLENOID NDI SITATA

Tinene kuti batire nlabwino, mawaya ayera, koma imangoti "kha" basi. Tsopano tasiyanitsani solenoid ndi sitata. Onetsetsani kuti njinga siiri m'giya, ndipo pafupi palibe petulo wotayika. Tengani sikuludiraiva yakale ya chigwiriro cha pulasitiki, nimukhudzitse pa manati awiri aakulu a solenoid kamphindi kochepa. Pathetheka moto, musaope. Sitata ikazungulira mwamphamvu, sitatayo iri bwino, yafa ndi solenoid, ndipo mtengo wache ngochepa kutalitali poyerekeza ndi sitata. Njira imeneyi njoyesera chabe. Ena aisandutsa kalizidwe ka tsiku ndi tsiku, mpaka tsiku lina aiwala kuti njinga iri m'giya.

Ikapanda kuzungulira, gogodani thupi la sitata pang'ono ndi chigwiriro cha sikuludiraiva pamene wina akudina batani. Ikadzuka, maburashi atha. Maburashi ndi timakala tija ndanena poyamba, timene tikhudza mutu wamkuwa wozungulira ndi kuupatsa moto. Tiperepeseka ndi zaka, ngati choko cha pa bolodi. Kugogoda kukuthandizani masiku ochepa okha, ndipo musagogode ndi hamala, pakuti m'kati muli maginito amene asweka ngati mbale yadothi.

Kusintha maburashi munthu wosamala angathe yekha. Chotsani waya wa kuchotsa pa batire. Masulani waya wonenepa ndi mabauti awiri ogwira sitata, nimuisolole. Musanaitsegule, kandani mzere ndi msomali kudutsa zigawo zache zonse, kuti pobwezera mudzalinganize monga zinaliri. Yalani nsalu yoyera, ndipo chiri chonse chimene mwachotsa muchiike mu mzere, makamaka timawashala topyapyala. M'kati mupeza fumbi lakuda. Lipukuteni ndi nsalu youma. Mutu wamkuwa muupukute ndi sandipepa wosalala kufikira uwala, ndipo timipata tache mutotokosole ndi kamtengo ka machesi. Maburashi akale pitani nawo ku sitolo kuti mukayerekeze. Pakani girisi pang'ono kwambiri pa nsonga za shafiti, osati pa mkuwa. Yang'ananinso kampira kozungulira kamene kaletsa oilo ndi madzi kulowa. Ngati kaduka, maburashi atsopanowo sakhalitsa. Mukapeza kuti mawaya okulungidwa m'katimo ada ndi kununkha chopserera, pamenepo sitata yapsya, ndipo nchito yanu yathera pomwepo.

Pogula zitsulo chenjerani ndi chikome-kome cha nkuyu. Bokosi lokongola silinena za chimene chiri m'kati. Funsani amene anagula kale kuti chinakhala miyezi ingati.

Pali kulira kwinanso: sitata ikuti "wiii" mwamphamvu, koma injini osatembenuka. Apa magetsi alibe mlandu. Kuseri kwa magineto kuli chitsulo chimene chigwira injini pozungulira mbali imodzi, nkuitaya injini ikalira. Pa njinga zambiri m'kati mwache muli timagudumu titatu ndi timasipiring'i tache, ndipo tikatha titerereka. Kuti muchifikire muyenera kusolola magineto ndi chida chache chosololera. Nchito imeneyi pitani nayo kwa makaniko amene ali ndi chidacho. Akatenga hamala ndi chizulo, tengani njinga yanu mupite kwina. Pakali pano kiki ikutumikirani.

MADZI M'INJINI

Ichi ndichenjeze mwapadera, chifukwa ife tiri pakati pa Ruo, Likhubula, Lichenya ndi Thuchila, ndipo tonse tikumbukira zimene namondwe Freddy anachita mu March 2023. Njinga ikazimira m'madzi pooloka, kapena ikamizidwa ndi madzi osefukira, musadine batani, musaponde kiki mwamphamvu, musaikankhe kuti ilire. Madzi akalowa pamwamba pa pisitoni sapanikizika monga uchitira mpweya. Mukakakamiza, ndodo ya pisitoni ipindika, ndipo bvuto la tsiku limodzi lisanduka ngongole ya chaka.

Chitani chotere. Tsekani kiyi ndi petulo. Chotsani pulagi. Pondani kiki pang'ono-pang'ono kambiri-mbiri kufikira madzi aleka kutuluka pa bowo. Tsanulani kabuleta, finyani ndi kuumitsa sefa wa mpweya, ndipo yang'anani oilo. Ngati aoneka ngati tiyi wamkaka, mtayeni, thirani wina, lizani injini kanthawi, nimusinthenso. Sitata ya njinga yotere muitsegule ndi kuiumitsa sabata lisanathe, ngakhale iri kugwira nchito.

KIKI

Kiki njosabvuta koma nayonso iri ndi matenda ache. Ofala ndi awa: bauti logwira mwendo wa kiki limasuka, mwini salabadira, mwendo uyamba kugwedera, ndipo timano ta pa shafiti tidyeka kufikira mwendo uzungulira wokha. Kumanga bautilo kamodzi pa mwezi kukadaletsa zonsezi. Timano tikadyeka, ambiri athamangira kwa woocherera kuti amatize mwendo ku shafiti. Ine sindigwirizana nazo. Kutentha kuocha kampira koletsa oilo, ndipo tsiku limene mudzafuna kutsegula chivundikiro cha kilatchi mudzayamba mwadula ndi sowo. Yesani mwendo watsopano poyamba, chifukwa kawiri-kawiri timano ta mwendo ndito tiyamba kutha.

Mwendo ukapanda kubwerera m'mwamba, sipiring'i ya m'kati yaduka. Musayende nawo uli lende. Umangeni ndi lamba kufikira mutakonzetsa.

Kiki ikatsika mopepuka, osamva kulimba kuli konse, pali zinthu ziwiri. Pa njinga zina kiki idzera m'kilatchi, kotero kuti kilatchi ikatha, kapena waya wache ukakungika kwambiri, kiki iterereka. Ngati si chimenecho, injini yataya mphamvu yopanikiza. Chotsani pulagi, tsekani bowo ndi chala chachikulu, kiyi ali wotseka, wina aponde. Mpweya uyenera kukankha chala chanu mwamphamvu. Ukakhala wofooka, musathamangire kunena kuti maring'i atha. Yambani ndi mavalavu, amene mpata wache uchepa ndi nthawi mpaka aleka kutseka bwino. Pa CG125 mpatawo ndi mamilimita 0.08 injini iri yozizira. Kuulinganiza ndi nchito ya mphindi zochepa kwa makaniko, yopanda kugula kanthu.

Kapondedwe nakonso nkofunika. Tsitsani mwendo pang'ono-pang'ono kufikira mwamva kulimba, ubwezeni m'mwamba, ndipo pondani kamodzi mpaka pansi. Musapotokole moto poponda, ndipo musaumitse bondo, chifukwa injini ikabwezera kiki ipweteka mwendo.

IKUTEMBENUKA KOMA SIIGWIRA

Potsiriza, injini ingathe kutembenuka bwino-bwino ndi sitata kapena kiki, koma osagwira. Apa sitata ilibe chifukwa, ndipo musaizunze. Dinani masekondi 5 okha, pumulani 10 kapena kupitirira. Kukakamira batani mpaka batire kutha ndiko kupsereza sitata yabwino.

Chotsani pulagi, ibwezeni m'chipewa chache, igonekeni pa chitsulo cha injini kutali ndi bowo, ndipo pondani kiki kiyi ali wotsegula. Payenera kuthetheka moto wa buluu. Gwirani pa mpira, musagwire chitsulo. Mpata wa pa nsonga ya pulagi pa njinga zimenezi ukhala mamilimita 0.6 kufikira 0.7. Pulagi yakuda ndi yonyowa inena kuti petulo wachuluka. Tsegulani choki, pukutani pulagi, yesaninso. Pulagi youma gwa mutaponda kambiri inena kuti petulo sakufika.

Petulo wa m'dziko muno ngosakaniza ndi ethanol wochokera ku nzimbe. Fakitale ya ku Dwangwa inayamba kumpanga mu 1982, ndipo ya ku Chikwawa mu 2004. Mafuta amenewa ngabwino, koma ethanol akoka chinyezi cha mu mpweya, ndipo thanki yokhala theka m'nyengo ya chiperoni ichita thukuta m'kati. Onjezanipo petulo wa m'mabotolo ndi m'zigubu, amene tinazolowera kugula pamene mafuta anasowa mu 2022 ndi 2024, amene simudziwa kumene wagona. Pansi pa kabuleta pali kasikuluwu kotsanulira. Tcherani botolo loyera la galasi, masulani, ndipo liyang'aneni pa dzuwa. Madzi akhala pansi, petulo pamwamba, mzere pakati. Mukaona madzi, tsanulani mpaka atha, ndipo ngati achuluka tsanulani thanki yonse. Aphunzitsi amene musiya njinga pa holide yonse, tsekani petulo ndi kuisiya ilire kufikira izima yokha, chifukwa petulo wogonera m'kabuleta auma nkutseka kabowo kakang'ono kolizira. Chotsaninso waya wa kuchotsa pa batire, ndipo njinga igone m'nyumba, osati pa khonde.

Sitata ndi kiki zikakanika zonse pa ulendo, kukankha kulipo. Tsegulani kiyi, ikani giya yachiwiri, osati yoyamba, gwirani kilatchi, anzanu akankhe kapena mutsetsereke pa mtunda, ndipo tayani kilatchi muli chikhalire pa mpando. Wodwala kapena katundu ayambe watsika. Dziwani kuti njinga zina moto wa pa pulagi uchokera ku magineto, ndipo zilira ngakhale batire litafa. Zina uchokera ku batire, ndipo likatheratu mungakankhe kuchoka pa Chitakale mpaka pa Boma osaphula kanthu. Yesani yanu masana muli pakhomo, kuti mudziwiretu kuti njamtundu uti.

M'kabokosi ka zida musasowe izi: sipanala ya 8 ndi ya 10, sipanala ya pulagi, sikuludiraiva, pulagi imodzi yatsopano, mafyuzi awiri, kachidutswa ka sandipepa ndi tochi. Zikulungeni m'pulasitiki chifukwa cha mvula. Ndipo mukapita kwa makaniko musangoti njinga yafa. Muuzeni kuti ikuti "kha" kamodzi, nyali siithobwa, mawaya mwatsuka kale. Akasintha chitsulo, pemphani chakalecho mupite nacho kwanu.

Ndaona kuti panja paima njinga zingapo, ndipo imodzi yabwera chokankha. Ngati mafumu andilola, tiyeni tituluke tikayambe ndi imeneyo. Amene muli ndi sipanala ya 10 bwerani nayo.